Makina otembenuza mapanelo a sola kuti azitsatira dzuwa: njira zinayi zopangira nokha ku Mzuzu

Munthu amene ali ndi mapanelo a sola koma batire lake silikudzadza, kapena pampu yake ikuyamba kukoka madzi dzuwa litakwera kale, amafika pa ganizo lakuti mapanelowo azitembenuka n'kumayang'anizana ndi dzuwa tsiku lonse. Ganizoli ndi labwino, ndipo circuit yochita ntchitoyi munthu wodziwa kulumikiza mawaya akhoza kuipanga patebulo pake. Chovuta n'chakuti circuit ndi gawo lotchipa komanso losavuta pa ntchito yonseyo, pomwe ndalama ndi mavuto ambiri zili pa chitsulo, pa mota ndi pa nyengo. Pano tiyerekeza njira zinayi, ndipo iliyonse tiiona pa mtengo, kupezeka kwa zipangizo, kasamalidwe ndi zoopsa zake.

Zoyenera kuganizira musanasankhe

Choyamba ndi kuchuluka kwa magetsi omwe panelo yosatembenuka imataya. Dzuwa limayenda madigiri 15 pa ola lililonse. Panelo ikaphonya dzuwa ndi madigiri 10 imataya pafupifupi gawo limodzi ndi theka pa magawo 100 a kuwala kolunjika, ikaphonya ndi madigiri 30 imataya magawo 13, pa madigiri 45 imataya magawo 29, ndipo pa madigiri 60 imataya theka. Manambalawa akuonetsa zinthu ziwiri. Phindu lotembenuza lili m'mawa ndi madzulo, pakuti masana panelo yokhazikika imakhala ikuyang'ana kale dzuwa. Ndiponso kuphonya pang'ono kulibe kanthu, choncho amene akuvutika kuti makina ake alunjike mpaka digiri imodzi akutaya nthawi yake pachabe, pokhapokha ngati akupanga chophikira cha dishi chosonkhanitsa kuwala pamalo amodzi.

Chachiwiri ndi thambo la ku Mzuzu. Mzindawu uli pafupifupi madigiri 11 ndi theka kumwera kwa equator, motero dzuwa limadutsa paliwombo penipeni kawiri pachaka, chakumapeto kwa Okutobala ndi chapakati pa Febuluwale. Pakati pa miyezi imeneyi dzuwa la masana limapendekera pang'ono kumwera, ndipo miyezi yotsalayo limakhala kumpoto, kufikira mu Juni pamene masana limangokwera madigiri pafupifupi 55. Kusintha kwa kumpoto ndi kumwera kumeneku n'kochepa poyerekeza ndi ulendo wa tsiku ndi tsiku wochoka kuvuma kupita kuzambwe. Ngati mtanda wotembenukirapo wagona kuchokera kumpoto kupita kumwera, mbali ya kumwera itakwezedwa madigiri 11 kapena 12, chomwe mungataye posatsatira dzuwa kumpoto ndi kumwera sichipitirira magawo 8 pa 100, ndipo izi zimachitika mu Juni ndi mu Disembala mokha. N'chifukwa chake sindikuwerengera makina a mamota awiri pa njira zili m'munsimu: mota yachiwiri imawirikiza zowonongeka koma phindu lake n'lochepa kwambiri kuno.

Nkhani ya mitambo ndi yaikulu kuposa imeneyi. M'madera a thambo loyera makina a mtanda umodzi amawonjezera magawo 15 mpaka 25 pa 100 pachaka, koma phindu limeneli limachokera ku kuwala kolunjika basi. Kukakhala mitambo kuwala kumachokera mbali zonse za thambo, ndipo panelo yogona chafufumimba ndi imene imalandira kwambiri. Mzuzu, pokhala pamtunda wa mamita oposa 1,200 m'mapiri a Viphya, umalandira mvula mpaka mu Epulo, kenaka kumabwera chifunga ndi mvula yowaza ya miyezi yozizira. Miyezi yomwe makinawa amabweza ndalama zake ndi ya Ogasiti mpaka Novembala. Munthu wa ku Karonga kapena ku Rumphi ali ndi chifukwa chokulirapo chopangira makinawa kusiyana ndi wa ku Chibavi kapena ku Masasa mu Mzuzu momwemo.

Chachitatu ndi ntchito ya magetsiwo. Ngati batire lanu limadzadza 1 koloko masana isanakwane, magetsi owonjezera a madzulo alibe kopita, pakuti controller, chipangizo choyang'anira kutchaja kwa batire, imangowatsekera. Pampu yolumikizidwa ku mapanelo popanda batire ndi yosiyana, chifukwa ola lililonse lowonjezera m'mawa ndi madzulo limasanduka madzi m'thanki.

Chachinayi, chomwe kwa ine ndiwo muyeso weniweni, ndi kuyerekeza mtengo wa makina onse ndi mtengo wa panelo ina yowonjezera. Tiyerekeze kuti panelo ya ma watt 100 ikupereka ma watt-hour 400 patsiku. Makina akawonjezera magawo 20 pa 100 mwapeza ma watt-hour 80, omwe panelo yaing'ono ya ma watt 20 ikhoza kupereka popanda chitsulo chilichonse choyenda. Pa mapanelo a ma watt 1,000 phindu lomwelo ndi ma watt-hour 800, ndipo apa nkhani yasintha. Mitengo ya makwacha sindiilemba, pakuti chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi magawo 44 pa 100 mu Novembala 2023 mtengo wa katundu wochokera kunja sukhalitsa. Funsani mtengo wa panelo sabata yomwe mukufuna kuyamba ntchito, ndipo china chilichonse muchiyeze ndi mtengo umenewo.

Njira yoyamba: kutembenuza ndi manja

Iyi ilibe circuit konse, koma njira zinazo ziyenera kuiposa kuti zikhale ndi tanthauzo. Mapanelo amakhala pa felemu yotembenuka pa paipi, ndipo pamakhala chitsulo chokhala ndi mabowo atatu ndi bawuti yotsekera: bowo loyang'anitsa madigiri 40 kuvuma, lapakati, ndi la madigiri 40 kuzambwe. Ku Mzuzu dzuwa limafika pakatikati pa thambo cha m'ma 11:45, choncho mumasuntha cha m'ma 10:30, kenaka cha m'ma 1 koloko, ndipo madzulo mumabwezera kuvuma. Mukatero, kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka kuyandikira 4 koloko madzulo simuphonya dzuwa ndi madigiri oposa 20 pa ulendo wake wa kuvuma ndi kuzambwe, kutanthauza kutaya magawo osaposa 6 pa 100.

Mtengo: Ndi wa chitsulo, penti ndi wowotcherera basi. Felemu yomweyi idzagwirabe ntchito mukadzafuna kuika mota, motero ndalama yake siitayika.

Kupezeka: Owotcherera ali paliponse, ku Luwinga, ku Chiputula ndi ku Zolozolo komwe, ndipo paipi ndi angle iron zili m'mashopu a zomangira m'tauni.

Kasamalidwe: Girisi pa malo otembenukira ndi penti yoletsa dzimbiri mvula isanayambe.

Zoopsa: Kuiwala. Panelo yosiyidwa ikuyang'ana kuvuma tsiku lonse imapereka magetsi ochepa kuposa yokhazikika, ndipo tsiku la maliro kapena la msika palibe amene amakumbukira bawuti. Mukadziwa kuti pakhomo sipakhala munthu, isiyeni pa bowo lapakati.

Njira yachiwiri: ma LDR awiri, comparator ndi ma relay

Iyi ndi circuit imene ambiri amayambira. LDR ndi kachipangizo komwe resistance yake imatsika kuwala kukachuluka. Awiri amaikidwa pa felemu, kachipupa kakang'ono kali pakati pawo, ndipo amalumikizidwa motsatizana pakati pa positive ndi negative. Dzuwa likasuntha, mthunzi wa kachipupa umagwera pa LDR imodzi, voltage ya pakati pa awiriwo imasintha, ndipo chip cha LM393 kapena LM358, chomwe chikugwira ntchito ya comparator, chimaiyerekeza ndi malire awiri omwe mwaika ndi potentiometer (resistor yosinthidwa popotokola). Ikapitirira malire apamwamba relay (swichi yoyatsidwa ndi magetsi) imodzi imayaka, ikatsika kupitirira apansi imayaka inayo, ndipo ikakhala pakati mota imakhala chete. Mpata wapakatiwu ndiwo mtima wa circuit yonse: ukachepa mota imangopita uku ndi uku osapuma, ukakula makina amachedwa kudzuka.

Pa kalumikizidwe ka ma relay pali njira imodzi yotetezeka. Waya uliwonse wa mota upite pa mwendo wa COM wa relay yake, NC (mwendo wokhudzana ndi COM relay ikazima) zonse ziwiri zipite ku negative, ndipo NO (wokhudzana ndi COM relay ikayaka) zonse ziwiri zipite ku positive kudzera pa fyuzi. Mukatero, ngakhale ma relay onse atayaka nthawi imodzi mota imangoima, batire silishota. Coil iliyonse ikhale ndi diode ya 1N4007 yoteteza transistor, ndipo amene asankha LM393 akumbukire kuti output yake imafuna resistor yopita ku positive.

Mtengo: Ndi wotsika kwambiri mwa ma circuit onse, ndipo chip chenichenicho chimadya ma milliamp ochepa zedi, kotero kuti magetsi amene makina akudya okha sadetsa nkhawa.

Kupezeka: Apa ndi pamene njirayi imapambana. Ma relay a galimoto a 12 V ali m'mashopu a masipeya. LM358 ndi LM393 amapezeka m'ma power supply ndi m'ma UPS akale kwa okonza mawailesi ndi ma TV, ndipo LDR mukhoza kuichotsa mu swichi zoyatsa zokha magetsi apanja kukada. Chikapsa chilichonse, tsiku lomwelo mwapeza china.

Kasamalidwe: Ma LDR sagwirizana ndi chinyezi, ndipo awiri ogulidwa limodzi sakalamba mofanana, motero pakapita miyezi makina amayamba kupendekera mbali imodzi ndipo potentiometer imafuna kukonzedwanso. Ayenera kukhala m'kabotolo ka galasi kotsekedwa bwino ndi silikoni, kopukutidwa pafupipafupi m'miyezi ya fumbi ndi utsi wa moto wa tchire. Pulasitiki wamba amachita chikasu padzuwa. Dziwaninso kuti dzuwa likaswa mtengo resistance ya LDR imatsika kwambiri mwakuti kusiyana kwa awiriwo kumavuta kuoneka, ndipo mankhwala ake ndi kuwapendeketsa kuti aliyense ayang'ane kumbali yake, osati onse kutsogolo.

Zoopsa: Circuit imeneyi siidziwa nthawi, imangodziwa komwe kukuwala. Tsiku la mitambo yoduka, lomwe kuno si lachilendo, imathamangira m'mphepete mwa mtambo wowala, kenaka n'kubwerera, ndipo ma relay ndi mota zimatha msanga. Capacitor yochedwetsa imathandiza pang'ono koma siithetsa vutoli. Vuto lachiwiri ndi la m'mawa: makina amagona akuyang'ana kuzambwe, ndipo dzuwa likatuluka limakhala kumbuyo kwa ma LDR onse awiri. Pamafunika LDR yachitatu yoyang'ana kumbuyo kapena yozindikira mdima kuti iwabweze. Popanda ma limit switch (maswichi oimitsa mota felemu ikafika pamalire) kumapeto onse awiri, aliyense ali ndi diode yolola mota kubwerera, tsiku lina mota idzapotokola felemu kapena kudula waya wa panelo.

Njira yachitatu: ma LDR ndi Arduino

Maso ndi omwewo, koma m'malo mwa comparator pali Arduino (kakompyuta kakang'ono kolembedwa pulogalamu), ya mtundu wa Uno kapena Nano, yomwe imawerenga kuwala ngati manambala a 0 mpaka 1023 n'kuganiza isanasunthe mota. Pulogalamu yabwino imawerenga kambirimbiri n'kutenga pakatikati, imadikira mphindi 10 isanasunthenso, pakuti pa nthawi imeneyo dzuwa langoyenda madigiri awiri ndi theka, imakana kubwerera kuvuma masana, ndipo kuwala kukatsika kwa nthawi yaitali imagoneka mapanelo pakati. Malamulo anayiwa amathetsa mavuto ambiri a njira yachiwiri.

Mtengo: Ndi wokwererapo, chifukwa kuwonjezera pa Arduino pamafunika chotsitsa voltage ndi choyendetsa mota. Pali mtengo winanso wobisika. Uno imadya pafupifupi ma milliamp 50, ndipo ikamwa molunjika ku batire la 12 V usana ndi usiku ndiye ma watt-hour oposa 14 patsiku. Pa panelo ya ma watt 100 ija, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a phindu lapita kale. Nano yodyetsedwa kudzera pa chotsitsa voltage cha mtundu wa buck converter monga LM2596 imachepetsa kwambiri kutayaku. Mota yeniyeniyo siidya zambiri: ma amp 3 pa 12 V kwa mphindi zitatu patsiku safika ma watt-hour 2.

Kupezeka: Zipangizozi nthawi zambiri zimachita kuitanitsidwa ku Lilongwe, ku Blantyre kapena kunja, kapena kutumiza amalonda opita ku Dar es Salaam, ndipo ndalama zakunja zikamasowa kudikira kumatalika. Gulani ziwiriziwiri. Pa luso lolemba pulogalamu, Mzuzu uli ndi mwayi wakuti Mzuzu University imaphunzitsa za mphamvu za dzuwa ndi zina zotere, choncho achinyamata odziwa Arduino sasowa.

Kasamalidwe: Mavuto onse a ma LDR alipobe. Onjezerani kusunga pulogalamu pamalo awiri ndi kulemba papepala waya uliwonse komwe ukupita, chifukwa amene anakulemberani pulogalamu akamaliza sukulu n'kuchoka, bokosilo palibenso wina wolimvetsa. Mawaya ongosomeka a pa breadboard ndi oyeserera patebulo basi, ndipo pa makina okhala panja zonse ziwotchereredwe ndi mtovu wa solder.

Zoopsa: Mota ikamayamba imagwetsa voltage ndipo Arduino imazima n'kuyambiranso, makamaka ngati ikugwiritsa waya umodzi wa magetsi ndi motayo. Module yotchuka yoyendetsera mota ya L298N imalola ma amp 2 okha pa mbali iliyonse ndipo imadya ma volt angapo n'kutentha, motero siyokwanira mota ya waipa. Gwiritsani ma relay kapena module yamphamvu ya BTS7960. Ma limit switch adule magetsi a mota mwachindunji, asadalire pulogalamu, pakuti pulogalamu ikauma mota ili pa ulendo palibe china choiimitsa. Mphezi za nyengo ya mvula zimapha Arduino mosavuta kuposa momwe zimaphera relay.

Njira yachinayi: kutsatira wotchi m'malo mwa kuwala

Popeza ulendo wa dzuwa umadziwika kale, makina sayenera kuliona. Arduino yolumikizidwa ndi kawotchi ka DS3231 imasuntha mapanelo madigiri awiri ndi theka mphindi 10 zilizonse, ndipo madzulo imawabweza. Kwa Mzuzu njira imeneyi ndimaiika patsogolo pa ma circuit onse, chifukwa mitambo, chifunga, fumbi ndi zitosi za mbalame sizisokoneza wotchi.

Chofunika kudziwa n'chakuti nthawi ya pawotchi ya Malawi inawerengedwa pa mzere wa madigiri 30 kuvuma, pomwe Mzuzu uli pa madigiri pafupifupi 34, ndiye dzuwa limafika pakati mofulumira ndi mphindi 16. Pamwamba pa izi nthawiyo imasinthasintha m'chaka: kumayambiriro kwa Novembala ndi cha m'ma 11:28, pakati pa Febuluwale ndi cha m'ma 11:58. Mukaika 11:45 chaka chonse simuphonya ndi madigiri oposa anayi kapena asanu, omwe sataya ngakhale gawo limodzi pa 100, choncho masamu ovuta a zakuthambo safunika pa mapanelo wamba.

Mtengo: Ndi wofanana ndi wa njira yachitatu, kuchotsapo ma LDR n'kuikapo wotchi ndi chodziwitsa pomwe felemu yafika.

Kupezeka: DS3231 iyenera kuitanitsidwa. Musalole kupatsidwa DS1307 m'malo mwake ngati mungathe kusankha, chifukwa DS3231 imasochera ndi mphindi imodzi yokha pachaka pomwe inayo imasochera kwambiri kutentha kukamasintha. Batire lake la CR2032 lili kwa okonza mawotchi ndi makompyuta.

Kasamalidwe: N'kochepa. Kuona nthawi kangapo pachaka ndi kusintha kabatire. Ma module ambiri otchipa ali ndi kanjira kotchajira batire la LIR2032, ndipo mukaikamo CR2032 yosatchajidwa kanjirako kayenera kudulidwa kuti batire lisatupe.

Zoopsa: Makinawa amadziwa komwe kuli dzuwa koma sadziwa komwe mapanelo ayang'ana, pokhapokha mutawauza. Njira yotchipa ndi kuyendetsa mota kwa masekondi owerengeka, koma liwiro la mota limasintha ndi mphamvu ya batire ndi mphepo, ndiye usiku uliwonse felemu ibwerere mpaka igunde limit switch ya kuvuma kuti kuwerenga kuyambirenso. Yodalirika ndi kuwerenga kuzungulira kwa chitsulo cha mazinga chokankha felemu pogwiritsa maginito ndi reed switch (kaswichi kotsekeka maginito akayandikira), kapena kuika potentiometer pa mtanda. Dziwaninso kuti chokankha chowongoka sichitembenuza madigiri ofanana pa sentimita iliyonse, choncho muyeze malo asanu kapena asanu ndi awiri pa felemu yeniyeniyo n'kuwalemba mu pulogalamu. Nthawi ikasokonekera, makina adzayang'ana kolakwika tsiku lonse popanda chizindikiro chilichonse.

Mota ndi felemu

Njira zitatu za circuit zimadalira chitsulo chomwecho, ndipo ndi pano pamene ntchito zambiri zimagwera. Ma servo aang'ono monga SG90 ndi MG996R ndi a chitsanzo cha m'kalasi, sangagwire panelo yeniyeni. Mota ya waipa ya galimoto, yopezeka kwa ogulitsa masipeya akale, ili ndi mphamvu koma imathamanga kwambiri, ndiye izungulitse chitsulo cha mazinga chomwe nati yake ikukankha felemu. Chitsulo cha M12 chimasuntha nati mamilimita 1.75 pa kuzungulira kumodzi, ndipo ubwino wake ndi wakuti mphepo siingathe kuchibweza. Mamota ambiri a waipa ali ndi waya wa negative wolumikizidwa ku thupi lake, ndipo uyenera kulekanitsidwa musanayambe kusinthanitsa positive ndi negative. Chokankhira madishi akuluakulu akale a satellite n'chabwino koposa ngati mwachipeza, popeza chili kale ndi ma limit switch ndi reed switch, ndipo ngakhale chambiri ndi cha 36 V chimayenda pang'onopang'ono pa voltage yotsika.

Mphepo ya makilomita 72 pa ola imakankha pafupifupi makilogalamu 25 pa square metre iliyonse, ndiye panelo yaikulu ya ma square metre awiri imanyamula kulemera kwa thumba la chimanga mwadzidzidzi, mobwerezabwereza. Mzati ulowe m'konkire, mtanda udutse pakati pa kulemera kwa mapanelo, ndipo pakhale unyolo kapena bawuti yomangira felemu chogona mkuntho ukamabwera. Felemu ilumikizidwe ku chitsulo chokhomedwa m'nthaka. Waya wa panelo ukhale wofewa wa tingwe tambiri, wosiyidwa mpata pomwe ukupindika. Bokosi la circuit libooledwe pansi pokha ndipo bowolo litchingidwe ndi kasefa, apo ayi nyerere ndi mavu zidzamangamo. Makina otere sakhala bwino pa denga la malata, ndipo kuwatsitsa pansi ndi kuwayandikitsa kwa akuba, nkhani yomwe iyenera kulowa m'masamu a mtengo. Mbali ya inverter ndi mawaya a 230 V a m'nyumba isiyireni munthu wa chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta.

Kayesedwe

Yambani patebulo, mota italowedwa m'malo ndi mababu awiri a galimoto kapena ma LED. Yendetsani tochi kuchokera mbali ina kupita ina, ndipo muone kuti pali malo apakati pomwe zonse zazima. Phimbani ma LDR onse ndi nsalu yopyapyala ngati mtambo, kenaka ndi yokhuthala ngati usiku. Pa njira ya wotchi, fulumizitsani nthawi mu pulogalamu kuti tsiku lathunthu lithe m'mphindi zochepa. Mukalumikiza mota, dinani limit switch iliyonse ndi chala mota ikuyenda, yezani ma amp ake ili ndi katundu, ndipo fyuzi ikhale yokwererapo pang'ono pa nambala imeneyo. Zimitsani magetsi felemu ili pakati pa ulendo n'kuyatsanso, muone ngati makina akudziwa chochita.

Panja, chida chabwino choonera kulunjika ndi msomali wa masentimita 10 woimikidwa chilili pa kathabwa kogona mofanana ndi panelo. Mthunzi wa sentimita imodzi ndi kuphonya kwa madigiri pafupifupi 6, ndipo muziyang'ana mthunzi wopita kuvuma kapena kuzambwe wokha, pakuti wa kumpoto ndi kumwera ndi wa nyengo.

Kuyesa kofunika koposa ndi kwa mapanelo awiri ofanana, ina yokhazikika itayang'ana kumpoto pa madigiri 10 mpaka 15, ina pa makina. Kuyerekeza lero ndi dzulo kulibe ntchito chifukwa mitambo siifanana. Aikeni kaye moyandikana mofanana kuti muone ngati akupereka zofananadi. Kenaka ola lililonse, mutawachotsa ku controller, yezani ma amp a iliyonse ndi multimeter pa malo a 10 A, mutatsimikiza kuti Isc (ma amp a panelo mawaya ake awiri akalumikizidwa mwachindunji) yolembedwa kumbuyo kwa panelo siyoposa pamenepo. Kuyeza kotereku n'kololedwa pa panelo, koma pa batire musayerekeze. Ma amp amenewa amakwera ndi kutsika molingana ndi kuwala, choncho mukaphatikiza a tsiku lonse mudzaona phindu pa 100. Musayeze ma volt, chifukwa sasintha kwenikweni ngakhale kuwala kutachepa ndi theka. Chotsanipo magetsi omwe makina adya okha, ndipo chitani izi sabata yathunthu mu Okutobala ndi ina m'nyengo ya mvula kapena ya chifunga. Zotsatira za Okutobala zokha zidzakunamizani. Ubwino wake ndi wakuti kuyesa konseku kungachitike ndi felemu ya manja musanagule chipangizo chilichonse cha circuit.

Njira iti kwa yani

Wa panelo imodzi kapena ziwiri zounikira nyumba, kutchaja mafoni ndi kuonera TV asapange makina. Awonjezere panelo ina, aipendeketse kumpoto ndi kumaipukuta, ndipo ngati controller yake ndi ya mtundu wamba wa PWM pomwe mapanelo ake ndi a voltage yokwera, ndalamayo ipite ku controller ya mtundu wa MPPT, yomwe siitaya voltage yowonjezerayo.

Mlimi wa kudimba wa pampu yopanda batire, yemwe amakhala pamunda tsiku lonse m'miyezi yothirira, asankhe felemu ya manja. Miyezi imeneyi ndi yomweyo ya thambo loyera, ndipo ngati amanyamula mapanelo kupita nawo kunyumba madzulo, mota ikanangomulemetsa.

Wa mapanelo a ma watt pafupifupi 1,000 kapena kuposa, okokera madzi pasukulu, pachipatala chaching'ono kapena pafamu yotchingidwa bwino, pomwe palibe munthu wodalirika wotembenuza, asankhe njira ya wotchi yokhala ndi reed switch kapena potentiometer, atasunga Arduino ndi DS3231 zapadera, ndipo felemu ikhale ndi bowo lapakati lomangira makina akawonongeka.

Wokhala kutali ndi tauni, kumadera owala kwambiri a m'mphepete mwa nyanja kapena ku chigwa cha Henga, komwe kudikira chipangizo choitanitsa kungatenge masabata, njira ya comparator ndi ma relay ndi imene angathe kukonza yekha ndi zomwe zili pafupi.

Wophunzira kapena mphunzitsi wofuna chitsanzo choonetsa momwe makina amamvera kuwala asankhe ma LDR ndi Arduino pa panelo yaing'ono. Wopanga chophikira cha dishi, chomwe chimafuna kulunjika kwenikweni, aphatikize ziwiri: wotchi ifikitse dishi pafupi ndi dzuwa, ndipo ma LDR akonze madigiri otsalawo pokhapokha kuwala kukakhala kwamphamvu.